Maluwa a iris apinki: tisatole oda tisanafunse komwe akukadzalidwa

Anzathu a geni, October akafika ku Pretoria kuno majakaranda amamasula, ndipo maluwa a iris nawo amakhala ali pachimake m'mayadi mwa eni nyumba. Abale athu ogwira ntchito m'magadeni amajambula n'kuponya pa WhatsApp, basi maoda ayambika: "Mundibweretsere apinkiwo." Wotchuka ndi mtundu wautali wa Beverly Sills, umene Ben Hager wa ku America anatulutsa mu 1979.

Ife tikuti tisamalandire ndalama tisanafunse kasitomala komwe amakhala. Duwali limafuna kuzizira kwa June ndi July kuti limasule. Ku Dedza, Ntcheu ndi Mzuzu mwayi ulipo. Wa ku Nsanje kapena Mangochi timuuze zoona kuti angaone masamba okhaokha. Tikamunamiza, sadzatitumanso ngakhale bulangete.

Chimene timanyamula ndi tsinde lake, looneka ngati jinja. Ulendo woyamba tinakulunga m'jumbo. Titadutsa kutentha kwa ku Tete, tinafika pa Mwanza theka litaola. Ikani m'katoni, louma, lopanda dothi, masamba odulidwa kutsala masentimita 15.

Kasitomala timuuzenso kadzalidwe. Pakhale padzuwa maola 6 kapena kuposa. Adzale pamzere wokwera ngati wa mbatata, chifukwa mvula ya January madzi akadikha limaola. Asalikwirire lonse, msana wake uzioneka pamwamba. Atalikitse masentimita 40, asaphimbire ndi udzu, ndipo Urea ayi, amangochulutsa masamba. Pakatha zaka 3 kapena 4 azule, agawe, adzalenso.

Nkhani yaikulu ndi mapepala. Chomera chamoyo si nsapato. Pamafunika chilolezo cha Unduna wa Zaulimi kwathu, tikafunse ku Chitedze kapena Bvumbwe tisananyamuke, komanso satifiketi ya kuno yotsimikiza kuti mbewuyo ilibe matenda. Ena akuti n'kutaya nthawi, timatsinde tiwiri tibisa m'chikwama. Komatu tonse tinaona momwe chisaka chinathera nthochi ku Thyolo ndi Nkhata Bay, ndipo matenda amenewo amafala ndi mbewu yomwe anthu amanyamula. Akakugwirani pa Beitbridge, mpamba wapita, basi yonse yachedwa chifukwa cha inu.

Ngati maoda ndi ochepa, tisonkhane angapo, mmodzi atenge mapepala ndi kunyamulira onse. Amene munadzalapo kumudzi, tiuzeni pansipa boma lanu komanso ngati anamasula.