Nkhoswe ya m'kanema ndi ya ganyu chabe

DOMWE, Angónia. Lero tikambirane za kanema. Tsiku lina msika utatha ndinalowa m'kanyumba koonetseramo mafilimu kuseri kwa mabaraka a pa Domwe pano. Munali anyamata okhaokha, ena atangotsitsa kumene matumba a mbatatesi, fumbi likadali m'mutu. Amaonera filimu ya ku America yotchedwa Hitch, yomwe wina anaithira mau a Chichewa monga achitira anzathu a ku Malawi. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Potuluka ndinamva mnyamata wina akuuza mnzake kuti, "Aise, ine ndikangofika ku Tete ndikachita zomwe zija." Mau amenewa ndiwo andichititsa kugwira cholembera.

Kwa amene simunaione, filimuyi inatuluka m'chaka cha 2005. Will Smith ndiye Alex Hitchens, munthu wa mumzinda wa New York amene ntchito yake ndi kuphunzitsa amuna amanyazi kafunsiridwe, iwo n'kumamulipira. Wophunzira wake ndi Albert, yemwe amasewera ndi Kevin James: kalaliki wowerengera ndalama, wojintcha, wosokonezeka akangoona mkazi. Mtima wa Albert wagwa pa Allegra Cole, mai wachuma chambiri amene kampani ya Albert imamuyang'anira ndalama zake. Hitch amamuuza poima, chonena, kavinidwe, ngakhale nthawi yotseka pakamwa.

Nkhani yotereyi si ya lero. Mu 1976 ku India, Basu Chatterjee anatulutsa filimu ya Chhoti Si Baat. M'menemo Arun, kalaliki wa ku Bombay komwe lero timati Mumbai, amaona mtsikana wotchedwa Prabha tsiku ndi tsiku podikirira basi koma pakamwa pamamuuma. Poona kuti mnyamata wina wolongolola, wa njinga yamoto, amulanda, Arun anyamuka kupita ku Khandala kwa msilikali wina wopuma pa ntchito kuti akamuphunzitse kulimba mtima. Mu 2007 Amwenye omwewo anatulutsanso Partner, ya Salman Khan ndi Govinda, yoyenda m'mapazi a Hitch.

Tsono tadzifunsani: bwanji nkhani zonsezi zimachitikira mumzinda waukulu? Yankho langa ndi lakuti mnyamata wa m'mafilimuwa alibe abale pafupi. Ali yekha pakati pa anthu miyandamiyanda osamudziwa. Kwathu kuno mnyamata wamanyazi sasowa pogwira. Mlongo wake kapena mlamu wake amamutengera mau. Mtsikanayo kwao n'kodziwika, khalidwe lake n'lodziwika. Awiriwo akamvana chikole chimaperekedwa, atsibweni amanyamuka kukagogoda kwa atsibweni anzao, ndipo mbali zonse ziwiri zimaimika ankhoswe. Kaya ndi ukwati wa chikamwini, kaya wa chitengwa, kaya wa malowolo monga achitira Angoni ena, mnyamata sayenda yekha.

Ine ndemwe ndine mboni. Ndinaphunzira kulankhula pa wailesi, ndipo pamaso pa makina oulutsira mau sindinjenjemera. Koma pamaso pa amene lero ndi mai a ana anga lilime linandikanika miyezi ingapo. Kalata yanga yoyamba inapita m'thumba la chemwali wanga, iye akupita ku chigayo. Sindinalipire aliyense.

Choncho Hitch ndi nkhoswe, koma nkhoswe ya ganyu. Amagwira kachigawo koyamba kokha ka ntchito ya unkhoswe, kofikitsa mnyamata pakhomo la mtima wa mtsikana, n'kulandira zake. Filimu imatha pa phwando la ukwati wa Albert ndi Allegra, anthu akuvina. Pomwe filimu yathera ndi pomwe nkhoswe yeniyeni imayambira. Mbatatesi ikapsa ndi chiwawu, fodya akagulidwa pa mtengo wolira, mwana akadwala usiku, mwamuna akapita ku Joni n'kukhala zaka zitatu osatumiza kanthu, amene amaitanidwa ndi ankhoswe. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Munthu wa ganyu sabwera kudzazima moto wa m'nyumba mwako.

Chinanso chimene anyamata aja sanachigwire, mwina chifukwa cha phokoso la kuseka, chili kumapeto kwa filimu yomweyo. Allegra amauza Hitch zimene zinamukopa mwa Albert, ndipo zonse ndi zomwe Hitch anamuletsa: kavinidwe kake kochititsa manyazi, kudzidonthezera chakudya pa malaya, kupusa kwake kosabisa. Ndiye kuti machenjerero ogulidwa aja sindiwo anagwira ntchito. Mkaziyo anakonda munthu monga analili. Komanso pakati pa filimuyo Hitch amakana kuthandiza mwamuna wina amene amangofuna kugona ndi mkazi usiku umodzi n'kumutaya. Zimenezi sindinamve wina akuzikamba potuluka. Zomwe anyamata anatola ndi jekete, kayendedwe ndi mau otsekemera.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukuti mtolankhaniyu ndi wachikale. Muli ndi mfundo, ndipo ndiivomera. Manyazi anapha lambe. Anyamata athu ambiri sali kumudzi. Kuyambira pomwe malasha a ku Moatize anayamba kukumbidwa mwamphamvu mu 2011, ambiri anatsikira ku Tete kukafuna ntchito. Ena ali ku Beira, ena anaoloka pa Calomue kupita ku Lilongwe, ena ali ku Johannesburg. Kumeneko kulibe chemwali wotenga kalata. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo mnyamata ayenera kuphunzira kulankhula ndi pakamwa pake. Pamenepa mafilimuwa sananame.

Ndivomeranso kuti mwambo wathu uli ndi chilema chake. Nthawi zambiri akuluakulu amamvana okhaokha, mwini wake mtsikana osafunsidwa, ndipo ana ena analowetsedwa m'banja akadali pa sukulu. N'chifukwa chake dziko lathu la Mozambique linakhazikitsa lamulo la nambala 19/2019 loletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ndipo nkhoswe kapena kholo lokonza ukwati wotere limagwa nalo m'mlandu. A ku Malawi anasintha malamulo ao akuluakulu mu 2017 pa nkhani yomweyi. M'mafilimu aja mkazi ndi wamkulu, ali ndi ntchito yake, ndipo kuvomera kapena kukana kumachokera pakamwa pake. Ichi ndi chabwino, tichitenge.

Koma tichitenge chonse. Ngati mkazi ali ndi ufulu wovomera, alinso ndi ufulu wokana. Makolo anati mbeta silola tsiku limodzi, ndipo ankatanthauza kudekha. Anyamata ena mwambiwu ausandutsa chilolezo chovutitsa mwana wa eni ake, kumudikirira pa mjigo, kumutsekereza panjira ya ku sukulu, kumuimbira selula usiku wonse. Mu filimu ya ku Bombay ija Arun amatsatira Prabha m'mbuyo mwakachetechete, ndipo oonera amaseka chifukwa akudziwa kuti ndi wofatsa. Mtsikana amene akutsatidwa ndi munthu wosamudziwa pa msewu wa ku Tete madzulo sadziwa zimenezo. Iye amangomva mantha. Akakana kawiri katatu, m'bale wanga, wakana. Bwerera ndi ulemu wako.

Tsono kwa iwe mnyamata amene ukukwera chapa kupita ku tauni, ndili ndi mau atatu. Loyamba, usabwereke moyo wa munthu wina. Ngati umanyamula njerwa nena kuti umanyamula njerwa, ngati kwanu ndi ku Domwe nena kuti ndi ku Domwe. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo bodza la pa chibwenzi limadzaphulika m'banja. Lachiwiri, ku tauniko funa akuluakulu a kwathu. Ku Tete, ku Beira ngakhale ku Joni kuli anthu a ku Angónia, ndipo ena amapezeka m'mipingo. Iwo angakuimirire mpaka abale ako atafika. Lachitatu, selula imene umaonerapo mafilimu ndi yomweyo ingaimbire atsibweni ako. Usayambe kukhalira limodzi ndi mwana wa munthu kwao usanakuone, nayenso kwanu asanakuone. Tsiku la matenda kapena la maliro mudzasowa kolowera.

Kwa inu atsibweni ndi azakhali, inunso muli ndi mbali yanu. Mwana akapita kukaphunzira chikondi m'kanyumba ka kanema, ndiye kuti kunyumba sitikulankhula naye. Kale anyamata ankalangizidwa ku mphala, atsikana kwa anamkungwi. Lero mphala zatha m'midzi yambiri ndipo palibe chimene talowetsa m'malo mwake. Mphwanu akabwera kudzaona anthu pa Khirisimasi, musangomufunsa za ndalama ndi feteleza. Mufunseninso ngati waona wina, ndipo akayankha musamuseke. Nkhani ikafika pa ukwati, musamuunjikire mitengo yoti athawe nayo n'kukalowana kumbali.

Sindikuti mafilimuwa aletsedwe, ayi. Munthu wolima tsiku lonse ayenera kuseka, ndipo inenso ndinaseka. Ndikungoti tikamaseka Albert tizikumbukira kuti iye analipira ndalama kuti apeze chinthu chimene ife tili nacho chaulele. Mnyamata uja wa pa msika ndinamupeza mawa lake akukweza matumba pa lole. Ndinamufunsa ngati atsibweni ake akudziwa za ulendo wa ku Tete, iye n'kungoyang'ana pansi. Ndinamuuza kuti ayambire kumeneko asanagule jekete.