Mkaka Woyera Ukhoza Kubisa Feteleza

Mabanja ambiri a m'makomboni a m'mafamu ozungulira Glendale, m'boma la Mazowe ku Zimbabwe, ndi zidzukulu za anthu amene anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Mafamu akuluakulu atagawidwa kuyambira mu 2000, mkaka unachepa kwambiri m'dzikoli, ndipo ogulitsa mkaka wa m'zigubu anachuluka. Ambiri mwa iwo ndi okhulupirika, komabe mayi wogulira mwana wake mkaka ayenera kudziwa chimene chili m'kapu.

Chinyengo chofala ndi kuthira madzi mumkaka. Kachipangizo kotchedwa lactometer kamaulula msanga, chifukwa mkaka wosungunulidwa umapepuka. Pofuna kubisa zimenezi, achinyengo ena, monga zakhala zikuchitikira ku India, amaonjezera feteleza wa urea. Iye amasungunuka osasintha mtundu wa mkaka, amaubwezera kulemera kwake, ndiponso nayitrojeni wake amanamiza ena mwa mayeso a zakudya zomanga thupi. Chinyengo cha mtundu womwewu, cha mankhwala a melamine, chinapha makanda 6 ndi kudwalitsa ana pafupifupi 300,000 ku China mu 2008. Urea wochuluka amavutitsa m'mimba ndi kulemetsa impso, makamaka za ana. Kuwiritsa mkaka kumapha tizilombo, koma sikuchotsa fetelezayo.

M'dera la ulimi ngati Glendale, kumene feteleza sasowa, mlangizi akhoza kuyeza mkaka ndi zinthu zosavuta kupeza. Athire supuni yaing'ono imodzi ya mkaka m'kabotolo koyera, aonjezere theka la supuniyo la ufa wa soya kapena nandolo, kenaka akhutchumule. Pakatha mphindi 5, aviikemo kapepala kofiira ka litmus, kamene masukulu amagwiritsa ntchito pophunzitsa sayansi, kwa theka la mphindi. Kapepalako kakasanduka ka buluu, mkakawo ndi wokayikitsa, pakuti soya waphwanya urea n'kutulutsa ammonia.

Pali zinthu ziwiri zofunika kusamala. Choyamba, ufawo ukhale wa soya wosakazinga, chifukwa moto umaononga mphamvu imene imagwira ntchitoyi. Chachiwiri, mkaka wa ng'ombe uli ndi urea pang'ono wachilengedwe, n'chifukwa chake malamulo a ku India amalola mpaka mamiligalamu 70 pa mamililita 100. Motero ndi bwino kuyeza mkaka wokayikitsawo pamodzi ndi wina umene wakamidwa anthu akuona, kuti kusiyana kuonekere.

Kapepala kamodzi sikokwanira kuti munthu atchedwe wakuba pamsika. Mlangizi alembe tsiku ndi kumene mkakawo wachokera, abwereze kuyezako, ndipo akapeza zomwezo adziwitse ogwira ntchito zaumoyo kuti mkakawo ukayezedwe ku labotale. Gulu la alimi limene limayeza chigubu chilichonse lisanasakanize mkaka limateteza ana, komanso mbiri ya mlimi amene amakama moona mtima.