Browser ikabwezeredwa mwakale, imabwerera m'manja mwa yani?

Munthu akatsegula Chrome pa kompyuta n'kupeza tsamba loyamba lasintha, zotsatsa malonda zikungotumphuka, ndipo zomwe akufufuza zikuyankhidwa ndi kampani yosadziwika, kawirikawiri amathamangira kufufuta pulogalamu yonse kuti aikemo yatsopano. Bandulo imathera pomwepo, koma nthawi zambiri vuto limatsala, chifukwa zomwe zidasinthidwazo zimasungidwa padera ndipo zimabwereranso.

Njira yachidule ili m'kati mwa browser momwemo. Mu Chrome ndi mu Edge, munthu amalowa pa Settings n'kusankha Reset settings. Tsamba loyamba ndi makina ofufuzira zimabwerera momwe zidaliri pachiyambi, timapulogalamu towonjezera totchedwa extension timazimitsidwa, koma mawu achinsinsi, mbiri ya masamba omwe mudatsegula ndi masamba omwe mudasunga sizikhudzidwa. Firefox ili ndi batani la Refresh Firefox, lomwe limachotseratu timapulogalamuto. Chenjezo n'lakuti ngati pulogalamu yoipa idakhazikika mu kompyuta yeniyeniyo, muyambe mwachotsa imeneyo, apo ayi mawa lomwe isokonezanso.

Koma "mwakale" m'menemo muli nkhani. Zomwe browser imabwera nazo kuchokera kwa eni ake sizingoikidwa mwachisawawa, zambiri zimagulidwa. Pa mlandu womwe boma la America lidasumira Google, zidaululika kuti m'chaka cha 2021 chokha kampaniyi idalipira madola 26.3 biliyoni kuti makina ake ofufuzira ndiwo azikhala oyamba m'mafoni ndi m'mabrowser a makampani ena, monga Safari ya Apple. Ngakhale Mozilla, mwini wa Firefox, amapeza gawo lalikulu la ndalama zake kuchokera ku mgwirizano wotere. Mu Ogasiti 2024, woweruza Amit Mehta wa ku Washington adagamula kuti Google idaphwanya malamulo oteteza mpikisano pa malonda, ngakhale kuti mu Seputembala 2025 adakana kuikakamiza kugulitsa Chrome.

N'chifukwa chiyani kampani ingatulutse ndalama zankhaninkhani chotere pa chinthu chomwe aliyense angasinthe m'mphindi imodzi? Ikudziwa kuti ambirife sitisintha. Opanga timapulogalamu tolanda browser amadalira ulesi womwewu, kungoti iwo amalowera pazenera pomwe Google imalowera pakhomo italipira.

Sitikunena kuti awiriwa n'chimodzimodzi: wolanda browser angathe kukutsogolerani ku masamba akuba, pomwe makina a Google ambiri amawakonda moona mtima. Komabe wobwezera browser mwakale adziwe kuti wachotsa chosankha cha wakuba n'kubwezeretsa chosankha cha kampani, osati chake. Ku mayiko a European Union, lamulo la Digital Markets Act lidachititsa kuti kuyambira mu 2024 anthu azifunsidwa browser ndi makina ofufuzira omwe akufuna. Kuno funso limeneli silibwera lokha. Wofuna Bing kapena DuckDuckGo ayenera kukalitsata yekha pa Settings, pansi pa Search engine.