Mmisiri wa siling'i musamtenge pamsewu

Amayi anzanga, nyengo yogulitsa mtedza ndi soya ikadutsa, kulira kwa nyundo kumamveka ponseponse, kuyambira pa Boma mpaka ku Kamwendo, Kapiri ndi Mkanda. Abambo ambiri akangokhoma malata amati nyumba yatha. Koma ife amene timaswera m'nyumbamo tikudziwa kutentha kwa mwezi wa Okutobala pansi pa malata opanda siling'i, ndiponso phokoso la mvula limene limalepheretsa ana kuwerenga. Nchifukwa chake ndalama za siling'i kawirikawiri zimachokera kwa mayi, mwina ku banki mkhonde. Tsono ngati ndalamazo nzanu, mawu anunso amveke posankha mmisiri.

Masiku ano ambiri akukonda mabolodi oyera aja amene m'masitolo amawatchula kuti Rhino board. M'kati mwake muli zinthu zonga choko, ndipo mbali zonse ziwiri adamatako pepala. Akaikidwa bwino amasalala ngati khoma la pulasitala, koma mdani wake wamkulu ndi madzi. Denga likamadontha ngakhale pang'ono, bolodi limachita mawanga, limafewa, kenaka limagwa. Choncho mmisiri woona amayamba wakwera kukayang'ana malata. Amene angofika nkutchula mtengo asanayang'ane kumwamba, muthokozeni mwaulemu, apite.

Safunsa adadya phula. Funsani nyumba ziwiri kapena zitatu zimene munthuyo adagwirapo, makamaka zimene zaonapo dzinja, ndipo mupiteko nokha. Mukacheze ndi mayi wa panyumbapo, poti bambo angakuuzeni mtengo wokha, pamene mayi akuonetsani pamene pakung'aluka. Satifiketi ya TEVETA ndi umboni wabwino, komabe maso anu ndiwo oweruza.

Pa mitengo yogwira mabolodi ndi pamene ambiri amaberedwa, popeza ikabisika siionekanso. Ikhale youma ndi yopakidwa mankhwala a chiswe. Yaiwisi imapindika pouma, siling'i nkuyamba mafunde. Isatalikirane kuposa masentimita 40 kapena 50, ngakhale mmisiri anene kuti akukupulumutsirani ndalama. Wamagetsi atsirize mawaya ake mabolodi asanakhomedwe, osati kudzaboola pambuyo.

Zipangizo gulani nokha, mutatenga mmisiriyo kuti akuwerengereni. Mitengo siikhazikika. Tonse tikukumbukira m'mene zinthu zidakwerera mu Novembala 2023 pamene mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo amene anali atasungitsa ndalama kwa amisiri adalira. Ena amakagula ku Chipata poti nkufupi. Awerengeretu msonkho wa pachipata cha Mwami ndi mtengo wa galimoto. Mabolodiwa anyamulidwe chogoneka, chifukwa sachedwa kuthyoka m'makona, ndipo asungidwe pouma.

Mtengo mugwirizane wa ntchito yonse, osati wa patsiku, ndipo zonse zilembedwe papepala: zipinda zingati, ndani amata tepi ndi kusalaza molumikizira, ndani apenta, ndani abweretsa makwerero, ngakhale za nsima ya masana, pakuti nkhani ya chakudya yadanitsa anthu ambiri. Pakhale mboni ziwiri, ndipo dzina lanu lilembedwe pamodzi ndi la abambo. Zimenezi muchite ngakhale mmisiriyo ali mlamu wanu, ndipo ine ndinganene kuti makamaka akakhala mlamu wanu.

Malipiro agawidwe patatu: pang'ono poyamba, ena mabolodi onse akakhomedwa, otsala ntchito ikatha. Musanapereke gawo lomalizali dikirani kude, muzimitse nyale, muunike ndi tochi chopingasa motsatira siling'i. Mzere uliwonse wosasalala ndi mutu wa msomali wosakwiriridwa zidzaonekera, ndipo mmisiri azikonze ndalama zake zikadali m'manja mwanu. Muonetsetsenso kuti wasiya kachitseko kolowera kudenga, chifukwa tsiku lina wamagetsi adzafuna kukwerako.