Nkhondo yolimbana ndi chifuwa chachikulu isaiwale matenda a shuga

Kwa zaka zambiri, nkhani ya chifuwa chachikulu m'dziko muno yakhala ikukambidwa pamodzi ndi ya HIV, ndipo n'zomveka. Koma pali matenda ena amene akuthandizira kufooketsa mapapo a anthu mwakachetechete, omwe ndi matenda a shuga.

Kafukufuku wa STEPS yemwe Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 mothandizidwa ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO anapeza kuti pafupifupi anthu 6 mwa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi matendawa. Ambiri amayenda nawo osadziwa.

Shuga akachuluka m'magazi, chitetezo cha m'thupi chimafooka, ndipo tizirombo ta chifuwa chachikulu tomwe tinagona m'mapapo kwa zaka timapeza mpata wodzuka. Munthu wa shuga ali pachiopsezo chodwala chifuwachi kawiri kapena katatu kuposa wopanda shuga. Chibayo nachonso chimamukantha kwambiri, monga zinaonekera poyera pa mliri wa Covid-19 mu 2020 ndi 2021.

Vuto lalikulu lagona pa chithandizo. Wodwala matenda onse awiriwa amachedwa kuchira, ndipo chifuwa chimatha kubwereranso atamaliza miyezi 6 yakumwa mankhwala. Chinanso, mankhwala a rifampicin, omwe ndi msana wa chithandizo cha chifuwa chachikulu, amachepetsa mphamvu ya mapiritsi ena a shuga monga glibenclamide. Choncho wodwala atha kumamwa zonse mokhulupirika koma shuga akukwerabe. Zizindikiro nazo zimasokoneza: kuonda ndi kufooka kumaoneka mbali zonse ziwiri, moti wachipatala akapeza matenda amodzi sachedwa kuleka kufufuza.

N'chifukwa chake mu 2011 bungwe la WHO ndi la International Union Against Tuberculosis and Lung Disease anatulutsa ndondomeko yolimbikitsa kuyeza shuga kwa odwala chifuwa chachikulu, komanso kufufuza chifuwachi mwa odwala shuga.

Luso lochitira zimenezi Amalawi ali nalo kale, popeza kuyeza HIV kwa odwala chifuwa chachikulu kunakhazikika kalekale m'zipatala zathu. Chofunika tsopano n'chakuti makhonsolo a maboma, pokonza ndondomeko zawo zachuma, asamaiwale timakina toyezera shuga ndi timapepala take, pakuti kamakina kopanda timapepala n'kongokongoletsa tebulo. Kaundula wa chifuwa chachikulu nayenso ayenera kusonyeza ngati wodwala anayezedwa shuga, kuti akuluakulu a zaumoyo m'boma azidziwa chiwerengero chenicheni cha odwala matenda onse awiriwa.