Kodi mwezi umakometsa vinyo? Tiyeni tiwerengere

Ophunzira anga a Fomu 3 amandidziwa: munthu akangotchula mawu oti "mphamvu", ine ndimafunsa kuti ndi ma newton angati. Lero funso lomwelo ndikupita nalo ku France, m'minda ya mphesa. Musadandaule, sindikukuphunzitsani kumwa vinyo ayi. Zaka zanu sizinakwane.

M'mbali mwa mtsinje wa Loire, ku Savennières, muli munda wa mahekitala 7 wotchedwa Coulée de Serrant. Dera limeneli ndi lozizira, choncho mphesa anazibzala pamalo otsetsereka oyang'ana kum'mwera, komwe dzuwa la ku Ulaya limadutsa. Kuwala kukagwa molunjika pa nthaka, sikweya mita iliyonse imalandira kutentha kochuluka. Usiku mpweya wozizira, poti ndi wolemera, umatsikira kuchigwa n'kusiya mipesa ya kumtunda. Fizikisi yeniyeni imeneyo.

Mwini mundawu, Nicolas Joly, anatchuka chifukwa kuyambira m'ma 1980 amalima mwa njira ya biodynamic, yochokera ku maphunziro amene Rudolf Steiner anapereka mu 1924 ku Koberwitz. Mbali imodzi ya njirayi ndi ulimi wa organic: osathira feteleza wa kufakitale, osapopera mankhwala opha udzu, kudalira manyowa. Apa ndilibe nazo vuto. Nthaka ya manyowa imasunga madzi, ndipo mizu ya udzu womera pakati pa mizere imagwira dothi kuti mvula isalikokolole.

Koma pali zinanso. Alimiwa amalonga ndowe mu nyanga ya ng'ombe, n'kuikwirira nyengo yonse yozizira. Akaifukula amatapako pang'ono, kutakasa m'madzi kwa ola lathunthu, kenaka kuwaza m'munda. Ambiri amatsatanso kalendala ya Maria Thun, yomwe imagawa masiku kukhala a mizu, a masamba, a maluwa ndi a zipatso, potengera pomwe mwezi uli pakati pa nyenyezi.

Akafunsidwa, ena amati: mwezi umakoka nyanja, ndiye ungalephere bwanji kukoka madzi a mu mpesa? Zikumveka bwino, eti? Tiyeni tione. Madzi a nyanja zikuluzikulu sakwera ndi kutsika chifukwa choti mwezi ukukoka basi, koma chifukwa umakoka mbali yapafupi ya dziko kuposa yakutali. Mbali ziwirizi n'zotalikirana makilomita oposa 12,700, pamene mwezi uli pa mtunda wa makilomita 384,000. Ngakhale zili choncho, kusiyana kumeneku ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 miliyoni a mphamvu yomwe dziko limatikoka nayo. Nyanja ya Malawi, ndi kukula kwake konse kuja, ndani anaiona ikusefukira kawiri pa tsiku ngati ku Beira? Nanga mpesa wotalika mita imodzi kapena awiri? Chomwe chimakweza madzi mu mpesa ndi nthunzi yotuluka m'masamba dzuwa likawala, osati mwezi.

Wina anena kuti, "Koma aphunzitsi, vinyo wawo ndi wotchuka." Zoona. Domaine Leroy ku Burgundy amalimanso chonchi, ndipo mabotolo awo ali m'gulu la okwera mtengo kwambiri padziko lonse. Koma minda imeneyi inali yabwino kale. Ku Coulée de Serrant amonke anabzala mphesa m'zaka za m'ma 1100, Steiner asanabadwe. Komanso mlimi amene wasiya mankhwala amphamvu amayenera kuzungulira munda wake pafupipafupi, ndiye matenda amawaona msanga. Mukasintha zinthu zisanu nthawi imodzi, mungaloze bwanji chomwe chathandiza? Mu labu tikanati: gawani munda, mbali zonse muzisamale mofanana, ina muwaze za mu nyanga, ina madzi okha, ndipo olawa asauzidwe kuti botolo lachokera kuti.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kuposa mwezi ndi mkuwa. Kumadera ozizira a chinyezi, matenda a downy mildew amatha kuwononga zokolola zambiri, ndipo alimi a organic ndi a biodynamic omwe amapopera mankhwala a mkuwa, monga Bordeaux mixture wa m'ma 1880. Mkuwa ndi element: suwola. Umaunjikana m'dothi chaka ndi chaka, ndipo ukachuluka umapha nyongolotsi zomwe alimiwo akufuna kuteteza. N'chifukwa chake kuyambira 2019 European Union imalola makilogalamu 28 okha pa hekitala m'zaka 7, kutanthauza 4 pa chaka. Chaka cha mvula yambiri, mlimi wa ku Loire amawerengetsa magalamu amenewa nthawi iliyonse akasenza sipuleya.