Njinga siifunsa ngati wokwera ndi mwamuna kapena mkazi

Zomwe lachita bungwe lina logwira ntchito ndi alimi kuno ku Angónia pogawa njinga zangongole zandikwiyitsa, ndipo sindikhala chete. Amene mumakhala kuno nkhaniyi mukuidziwa. Njinga zinabwera za mitundu iwiri. Wina atakhala mu ofesi anatenga mndandanda wa maina n'kuugawa pawiri, abambo mbali iyi, amayi mbali iyo. Abambo onse analandira njinga zamagiya, za felemu yaikulu yokhala ndi chitsulo chopingasa pamwamba. Amayi onse anapatsidwa tinjinga ta felemu yotsika, ta utoto wowala, topanda ngakhale kaliyala yodalirika. Palibe amene anafunsidwa kutalika kwake. Palibe amene anafunsidwa kuti njira ya kwawo ndi yokwera motani, kapena kuti azinyamula chiyani. Ambiri mwa anthuwa aka n'koyamba kukhala ndi njinga yawoyawo, ndipo ngongoleyo adzaibweza ndi kachewere ndi nyemba za thukuta lawo.

Zotsatira zake zikuoneka pamsewu. Ndaona mayi wamtali, wamphamvu zake, akulimbana ndi chitunda atakwera kanjinga komuchepera, maondo akuchita kugunda mahandulo, msana utapindika, chishalo atachikweza mpaka chitsulo chake chatsala pang'ono kuzuka. Asanafike pakati pa chitunda anatsika n'kuyamba kukankha. Ndaonanso bambo wamfupi pa chinjinga chomukulira, akupendekera uku ndi uku kuti zala za kuphazi zifike pa mapedulo. Atafuna kuima pamalo otsetsereka mapazi sanafike pansi, ndipo anagwera pa chitsulo chija. Anthu anaseka, koma iye sanaseke. Anthu awiriwa akanangosinthana njinga, onse akanapita kwawo akupalasa bwinobwino.

Mfundo yanga ndi imodzi, ndipo ndiibwereza mpaka imveke: felemu ya njinga imasankhidwa poona msinkhu wa munthu, msewu umene aziyendamo ndi katundu amene azinyamula. Zoti wokwerayo ndi mwamuna kapena mkazi zilibe gawo pamenepa. Aliyense amene anasemapo mpini wa khasu amadziwa kuti umadulidwa molingana ndi kutalika kwa wolimayo. Nanga n'chifukwa chiyani nzeru yomweyi imatithawa tikafika pa njinga, chinthu chodya ndalama za zokolola za chaka chonse?

Kugawa njinga kuti iyi ndi yachimuna, iyi ndi yachizimayi, sikunabadwire kuno. Njinga ya matayala awiri ofanana yoyendera tcheni inatchuka ndi Rover imene John Kemp Starley anapanga ku Coventry m'dziko la England mu 1885. Akazi a ku Ulaya a nthawi imeneyo ankavala madiresi aatali ofika kumapazi, ndiye opanga njinga anatsitsa chitsulo chapamwamba kuti diresi lisakodwe. Chifukwa chake chinali chovala basi. Njinga yamagiya yoyenda m'mapiri, imene amalonda amaitcha mountain bike, inabwera mochedwa kwambiri. Inayambira m'mapiri a Marin County ku California m'zaka za m'ma 1970, ndipo mu 1981 kampani ya Specialized inatulutsa Stumpjumper, imodzi mwa njinga zoyamba za mtunduwu kupangidwa zambirimbiri. Pa njinga zotere za masiku ano chitsulo chapamwamba chimatsetsereka kulowera kuchishalo, kuti wokwera aliyense akatsika mwadzidzidzi pamiyala asadzipweteke.

Ngakhale eni ake opanga njingawo ambiri anaisiya kale nkhaniyi. Mu 2019 Specialized inalengeza kuti ikusiya kupanga mafelemu apadera a akazi, itaona kuti matupi a anthu amasiyana kwambiri munthu ndi munthu kuposa mmene amasiyanirana amuna ndi akazi. Njinga za Juliana, zomwe amagulitsa kwa akazi, felemu yake ndi yomweyo ya njinga za kampani ya Santa Cruz. Kampani ya Liv imapangabe mafelemu akeake a akazi, koma nayonso imawapanga m'masaizi osiyanasiyana ndipo imafunsa kaye kutalika kwa wogula. Palibe wopanga njinga wanzeru amene amati akazi onse akwere saizi imodzi. Zimenezo zangochitikira mu ofesi ya kuno kwathu.

Akuluakulu a bungwe lija akufotokoza kuti anachita zimenezi polemekeza mwambo, chifukwa mayi wovala chitenje sangadumphitse mwendo pa chitsulo anthu akuona. Mawu amenewa ndi ochititsa manyazi. Mwambo wake uti? Mayi yemweyo amadzuka kusanache, kulima mizere ya kachewere m'mphepo ya mwezi wa June, kusenza thumba pamutu mwana ali kumsana, kuwoloka mtsinje madzi ali m'maondo. Pa zonsezi sitinamvepo wina akudandaula za mwambo. Mwambo ukungotulukira lero pamene pabwera njinga yamagiya yomwe ikanamupeputsira ntchito. Amene akulankhula zimenezi amapita kumidzi pa galimoto ya ofesi, ndipo sanakankhepo njinga yonyamula matumba awiri pa chitunda cha katondo mvula itagwa. Akufuna kutiuza kuti ulemu wa mayi uli pa chitsulo chimodzi cha njinga, koma msana ndi maondo ake zilibe ntchito. Bwanji sanawafunse amayiwo? Pakamwa ali napo. Ambiri amadziwa kuvala buluku kapena kabudula mkati mwa chitenje akakhala pa ulendo, ndipo sanadikire chilolezo cha mu ofesi kuti atero.

Pali enanso amene amanong'ona kuti njinga ya chitsulo imawononga mtsikana, kuti sadzabereka. Limeneli ndi bodza lamkunkhuniza. Pitani mukaone amayi amene akhala akupalasa njinga kupita ku msika wa Lizulu kapena kumalire a Calómuè kwa zaka zambiri, muwerenge ana awo. Chimene chimapweteka munthu pa njinga ndi chishalo cholakwika ndi felemu yosamukwana, ndipo zimenezi zimapweteka mwamuna ndi mkazi mofanana.

Abambo nawonso musadzione ngati osalakwa. Alipo ambiri amene angalole kuvulala kusiyana n'kuoneka atakwera njinga ya felemu yotsika, poopa kuti anzawo pabwalo la bawo awaseka. Uku ndi kupusa. Bambo wachikulire amene chiuno chinayamba kuuma amakwera mosavuta pa felemu yotsika. Munthu amene wamanga mtolo wautali wa kabichi pa kaliyala sangathe kudumphitsa mwendo kumbuyo, ndipo felemu yotsika imamuthandiza, kaya ndi bambo kaya ndi mayi. Felemu yotsika ili ndi ubwino wake weniweni, ndipo mayi amene akuifuna chifukwa cha chitenje kapena mwana wakumsana aipeze, koma ikhale ya saizi yake ndipo asankhe yekha. Ilinso ndi kuipa kwake. Felemu ya chitsulo chopingasa imapanga makona atatu awiri olumikizana, ndipo n'chifukwa chake imalimba ikasenza katundu wolemera. Yotsika kwambiri imagwedera ikalemedwa, makamaka potsika phiri. Choncho mayi wogulitsa kachewere ndi amene akufunika felemu yolimba kuposa bambo amene amangopita kumsonkhano atanyamula kope.

Amalonda a m'mashopu ndi m'misika nawonso ali ndi mlandu. Mtsikana akalowa kudzagula njinga yake yoyamba, wogulitsa amathamangira kumuonetsa ya utoto wokongola yokhala ndi kadengu kutsogolo. "Iyi ndiye yanu, chemwali, yachizimayi yeniyeni." Sayang'ana n'komwe kutalika kwa mwanayo. Akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Utoto sukweza munthu phiri. Dera lathu lino ndi lokwera, mamita oposa 1,000 pamwamba pa nyanja, ndipo phiri la Dómuè limapitirira mamita 2,000. Kuchokera ku Ulongué kupita ku Lifidzi, ku Dómuè kapena ku Tsangano, njira ndi zokwera ndi zotsika, fumbi m'chilimwe, matope oterera m'dzinja. Malo otere amafuna magiya ofewa okwerera, mabuleki ogwira ndi felemu yokwana.

Inu amene mukugula njinga koyamba, musalole kuti wina akusankhireni poyang'ana nkhope yanu. Imani pansi ndi mapazi onse awiri njinga ili pakati pa miyendo. Pakati pa chitsulo chapamwamba ndi thupi lanu pakhale mpata wosachepera masentimita 5, pafupifupi zala zitatu. Ngati chitsulo chikukugundani, njingayo yakukulirani, isiyeni ngakhale wogulitsa achotsere mtengo. Kenako khalani pa chishalo, ikani chidendene pa pedulo imene ili pansi. Mwendo uwongoke popanda kupendeketsa chiuno. Mukamapalasa ndi kutsogolo kwa phazi, bondo lidzakhala lopinda pang'ono, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Gwirani mahandulo. Zigongono zikhale zopinda pang'ono, musachite kudzikoka ngati mukufikira chinthu chakutali, komanso maondo asayandikire mahandulo mukamakhota.

Mafelemu a njinga zamagiya amalembedwa S, M, L kapena m'mainchesi. Munthu wa masentimita 155 nthawi zambiri amakwanira felemu ya mainchesi 13 kapena 14, wa masentimita 165 ya mainchesi 15 kapena 16, wa masentimita 175 ya mainchesi 17 kapena 18. Manambala amenewa safunsa kuti munthuyo ndi ndani, amangofunsa kutalika.

Zimene zimasiyanadi pakati pa anthu ndi zing'onozing'ono zomwe wokonza njinga wa pansi pa mtengo angasinthe tsiku lomwelo. Chishalo chiyenera kulingana ndi mafupa okhalira, ndipo akazi ambiri amapeza bwino pa chishalo chotambalala pang'ono kumbuyo. Mahandulo otalika kwambiri kwa munthu wa mapewa aang'ono angathe kudulidwa. Ngati zala sizikufika bwino pa zogwirira mabuleki, pa njinga zambiri pali kasikuluwu kozisendezera pafupi. Palibe chifukwa chogulira felemu yolakwika pofuna chishalo chabwino. Onaninso ngati felemu ili ndi mabowo omangira kaliyala, chifukwa kuno njinga yopanda kaliyala ndi ya masewera chabe. Pewani zotchipa zokhala ndi sipuling'i kumbuyo. N'zolemera, zimadya mphamvu yanu pokwera chitunda, ndipo kaliyala ilibe pogwira. Ngati njingayo ndi yakale, yang'anitsitsani mowotcherera monse ngati mulibe ming'alu. Funsaninso ngati matayala ndi machubu a saizi imeneyo amapezeka pamsika wa kwanu.

Wina anganene kuti ndikukulitsa nkhani yaing'ono. Si yaing'ono. Lamulo la maphunziro la dziko la Mozambique la 2018 linati mwana aliyense aphunzire mpaka kalasi 9, ndipo kuyambira 2023 kalasi 7 inasamukira kusekondale. Masukulu a sekondale ndi otalikirana kuposa a pulayimale, ndiye ana aang'ono akuyenda mitunda italiitali. Mtsikana amene wagulidwira njinga yosamukwana amatopa, amachedwa, amaikankha m'malo moikwera, kenako amaisiyira mlongo wake. Akasiya njinga, sukulu nayo imayamba kumutalikira, ndipo tonse tikudziwa chimene chimadikira mtsikana wosiya sukulu, ngakhale lamulo la 2019 linaletsa maukwati a ana. Ku Bihar m'dziko la India boma linayamba kuthandiza atsikana a sekondale kupeza njinga mu 2006, ndipo kafukufuku wa Karthik Muralidharan ndi Nishith Prakash anapeza kuti chiwerengero cha atsikana olowa sekondale pa msinkhu woyenera chinakwera ndi 32 peresenti. Njinga ili ndi mphamvu yotere, koma pokhapokha ngati mwini wake akutha kuikwera.

Ngati a bungwe lija amafuna chitsanzo, sichinali patali. Njinga ya Buffalo ya bungwe la World Bicycle Relief, imene ikuyenda m'midzi ya ku Malawi ndi ku Zambia, ili ndi chitsulo chapamwamba chotsikirako kuti akwere mwamuna ndi mkazi yemwe, ndipo kaliyala yake imanyamula makilogalamu 100. Opanga ake anaganizira katundu ndi msewu. A kuno anaganizira mndandanda wa maina ndi utoto.

Choncho ndikunena mosabisa kuti bungweli linalakwa, ndipo likonze. Liitanenso alimi onse amene analandira njinga, libweretse tepi yoyezera ndi wokonza njinga, aliyense ayesedwe ndi kukwera yekha, ndipo amene njinga sikumukwana asinthe popanda kuwonjezera ngakhale metikali imodzi. Munthu asakakamizidwe kubweza ngongole ya chinthu chimene sanasankhe ndipo sangachigwiritse ntchito. Amalonda, lekani kufunsa kuti njinga ndi ya bambo kapena ya mayi, funsani kutalika kwa wokwera, kumene amakhala ndi zimene amanyamula. Makolo, pitani naye mwana wanu wamkazi kukagula njinga, aikwere pamaso panu musanatulutse ndalama. Ndipo inu amayi a ku Angónia, njinga yosakukwanani ikaneni, ngakhale wopereka akhale bwana wamkulu chotani.